Saidi ya a Madala

Ku depoti kwathu milandu sinkathera mu ofesi, inkathera mu kantini pa tebulo la pulu, masewera aja omenya mipira ndi ndodo kuti ilowe m'mabowo. Madalaivala awiri akalimbirana basi yatsopano, kapena akamakankhirana ntchito ya Lamlungu, a Kapitawo ankangoloza ndodo zotsamira kukhoma n'kunena kuti, "Kakambiraneni uko." Amene walowetsa mpira wakuda ndiye ankakhala wolungama, ngakhale akhale wabodza wodziwika msewu wonse. Ine ndinkaona kuti ndi uchitsiru wa amuna basi, koma ndinkasunga pakamwa panga, poti uchitsiru womwewo ndi umene unkandibweretsera ogula tiyi ndi mabanzi.

Kantiniyo ndinkayendetsa ndine, tebulo lakenso ndinkasamala ndine. M'mawa uliwonse ketulo isanawire ndinkalisesa ndi burashi kuchokera kumutu kutsikira kumiyendo, osabwerera m'mbuyo, kenako n'kulisita ndi simbi yofunda pang'ono. Anandiphunzitsa ndi bambo anga, amene depoti yonse inkawatchula kuti a Madala. Anayamba kuyendetsa mabasi a kampaniyo ine ndisanabadwe, ndipo a Kapitawo enieniwo anaphunzira kugwira chiwongolero atakhala pambali pawo, akutukwanidwa.

Pa pulu a Madala analibe mnzawo, ndipo chimene ankatchuka nacho ndi saidi. Saidi ndi kumenya mpira woyera chakumbali, osati pakati, kuti upite ukuzungulira n'kukaima pamene iwe ukufuna. Kumenya chakumbali aliyense amatha, ngakhale chidakwa. Vuto ndi lakuti woyera ukamenyedwa chotero supita kumene ndodo yaloza. Ukaumenya kumanja umayamba wathawira kumanzere, kenako nsalu ya patebulo imaugwira n'kuukokera kumanja. Kuthawako sikusinthasintha, koma kubwererako kumadalira nsalu ya tsiku limenelo.

"Nsalu yatsopano ndi yaulesi, mayi," ankandiuza ndili mwana, nditaima pa kireti ya mabotolo kuti chibwano chifike patebulo. "Imangousiya woyera utsetsereke, sukhota. Yakale, yodya choko ndi thukuta, imaugwira msanga. Kukagwa mvula imagwira koposa apo. Mipira ikada imamatirana, umene waumenya umakokedwa n'kuphonya bowo. Ndiye usamaloze pamene unaloza dzulo. Uziyamba walifunsa tebulo kuti ladzuka bwanji."

Amayi ankadandaula kuti mwana wamkazi akumuphunzitsa masewera a m'mabala. Bambo ankangoseka. Ine ndinkawakonda bambo anga kuposa munthu aliyense, ndipo izi ndikuzinena poyambirira pomwe kuti wina asadzandiuze kuti ndinalibe mtima.

Chaka chimenecho mvula inalawirira, ndipo denga la kantini linkadontha pakona ya firiji. Tebulo linalemera, mipira inkayenda ngati yagona ndi njala. A Madala anayamba kuphonya. Poyamba palibe anadabwa, poti aliyense ankaphonya. Iwo ankapaka chikhatho pansalu n'kupukusa mutu.

"Chinyontho ichi," ankatero. "Mayi, umalisita tebuloli kapena umangolisisita?"

Ndinkalisita ndithu. Ndinkatseka ndi mawindo omwe, madalaivala n'kumalira kuti ndikuwaphika amoyo. Koma ndikamatsuka makapu kuseri kwa kauntala maso anga ankakhala patebulo, ndipo ndinaona chinthu chimene chinandiopsa. Tebulo likamanama limanama mbali zonse ziwiri. Nsalu ikanyowa, saidi ya kumanja imakhotetsa mopitirira kumanja, ya kumanzere mopitirira kumanzere. Koma ya bambo anga yonse inkaphonyera mbali imodzi. Amenye kumanja, amenye kumanzere, amenye mpira wowongoka woti mwana angalowetse, woyera unkakafika chakumbali komweko. Imeneyo sinali nsalu.

Patapita milungu ingapo anasiya kuphonya, ndipo kantini yonse inakondwera kuti a Madala abwerera. Ine ndekha ndi amene mantha anandikulira, chifukwa ndinaona mmene anabwererera. Ankapendeketsa mutu kuti diso lamanja likhale pamwamba pa ndodo, ndipo pa mpira uliwonse ankaloza pambali pang'ono, monga amachitira munthu akapeza tebulo lopendekeka. Diso lawo lamanzere anali atalitenga ngati nyengo. Anangofufuza kuti likunama mochuluka bwanji, n'kumachotsera.

Patebulo zinkatheka. Kwina sizinkatheka. Ndikawaikira kapu kumanzere ankaifunafuna ndi dzanja asanaigwire. Tsiku lina anathira tiyi pambali pa kapu, n'kunena kuti mlomo wa tiyipoti wapindika. Galasi loonera m'mbuyo la kumanzere kwa basi yawo linasweka pa geti ya depoti, geti yomwe anakhala akulowapo moyo wawo wonse, ndipo anati alonda sanatsegule mokwanira. Mwamuna wanga, yemwe ndi makaniko pa depoti pomwepo, anaika galasi lina osanena kanthu. Nalo silinakhalitse.

Ndiye kunabwera Lolemba lija. Basi ya a Madala inalowa masana, nthawi yosakhala yake, mbali ya kumanzere ili ndi mzere wautali wokalika ndi zinthu zachikasu zomatirira pa tayala. Anali atakhudza munthu wa panjinga amene ananyamula makatoni a mazira. Munthuyo anagwera m'ngalande n'kuthyoka mkono, koma moyo anatsala nawo. Bambo anapita ku ofesi, ndipo kondakitala wawo, amene tinkamutchula kuti Wailesi chifukwa sankatseka pakamwa, analowa kukhitchini kwanga ali duu. N'kuyamba kumuona Wailesi atazima.

"Asisi, mundisungire," anatero atamwa madzi. "Ine masiku ano ntchito yanga si matikiti. Ndine diso la a Madala. Ndimaima pachitseko, kukakhala njinga kapena mwana kumanzere ndimamenya bodi ya basi, iwo n'kupatuka. Sitinapanganepo ayi, zinangoyamba zokha. Lero mayi wina anandikoka malaya kumbuyo, nkhani ya katundu wake. Sindinamenye."

"Ndiye iwe wakhala ukudziwa nthawi yonseyi?"

"Nanga inu simumadziwa?"

Ndinafuna kumuponyera sipuni, koma funso lake linali labwino.

"Kawauze a Kapitawo," ndinatero.

"Ine? Ntchitoyi anandipezera ndi a Madala. Mundiphe kaye."

Lamulo la kampani linkati dalaivala akachita ngozi aime kaye, ndipo a Kapitawo aone ngati n'koyenera kumutumiza kukayezetsa maso. Aliyense ankadziwa kuti wa msinkhu wa bambo anga akapita kumeneko n'kulephera, chiwongolero wasiyana nacho mpaka kale. A Kapitawo anabwera ku kantini madzulo ake, madalaivala ali thothotho, n'kuima pafupi ndi tebulo akukanda m'mutu.

"Akuluakulu akuti maso," anatero. "Maso! Munthu wolowetsa wakuda ndi saidi kuchokera kumapeto uko? Ngati ameneyo ndi wakhungu, ndiye ife tonse tizipempha pamsewu."

Anthu anaseka.

"Koma asati ndakondera. Lachisanu masana a Madala asewera ndi ine. Ndikawadya, apita kuchipatala. Akandidya, Lolemba ali pamsewu, nkhani yatha."

Apa anaseka kwambiri, chifukwa a Kapitawo anali asanawadyepo a Madala chibadwire. Ine sindinaseke. Ndinkaganiza za basi yodzaza anthu ikutsika pa msika, pamene ana amadumpha msewu ngati nkhuku, ndi Wailesi atakokedwa malaya.

Lachitatu masana ndinatseka kantini n'kupita kwawo. Chimwalirireni amayi ankakhala okha m'chipinda chimodzi: bedi, mpando, yunifolomu yositidwa itapachikidwa pa msomali, ndi makina osokera a amayi atavindikiridwa ndi nsalu pakona. Ndinawapeza pakhomo, ndodo yawo ili pamiyendo, akupala nsonga yake ndi sandipepala. Ankakonzekera Lachisanu.

"Bambo, tiyeni kuchipatala mawa. Ndikuperekezani ndekha, palibe adziwe."

"Ndikudwala chiyani?"

"Diso lamanzere."

Anapitiriza kupala, n'kuuzira fumbi.

"Wanjinga uja analowa yekha."

"Nanga magalasi a pageti? Nanga tiyi amene mumathira pambali pa kapu? Ndimakuonani mmene mukulozera, Bambo. Munandiphunzitsa ndinu kuona zimenezi."

"Ndiye sunamalize kuphunzira. Tebulo lililonse lili ndi bodza lake. Wosewera weniweni salira, amaphunzira bodzalo n'kuchotsera. Msewu ndi chimodzimodzi. Ndimatalikira kumanzere, ndimachepetsa liwiro, ndipo ndikupitirizabe kuuwerenga."

"Mpira umadikira kuti muloze. Mwana wodutsa msewu sadikira."

Anaika ndodo pansi. Anatembenuza mutu wonse kuti andione bwino, ndipo kutembenuka kumeneko kunandipweteka kuposa mawu.

"Ukandichotsa pa chiwongolero undiika pati? Pampando uwu? Ndiziyang'ana makina a amako mpaka ndife? Ine ndikadzuka m'mawa ndimadziwa kopita, iwe. Ndi chokhacho chimene chanditsalira. Ndipatse kaye nthawi, ndiliwerenge bwino."

"Disolo silikuima pamodzi, Bambo. Likunka liipa."

"Wabwera kudzandizonda kapena kudzandiika m'manda? Ngati wamaliza, pita ukaphikire mwamuna wako."

Ndinatuluka ndikulira ndi mkwiyo. Ndinawamvera chisoni chachikulu, komanso ndinkafuna kuwagwedeza mapewa mpaka amve. Kunyumba ndinamuuza mwamuna wanga zonse ali mkati mochotsa girisi m'zala.

"Khoswe akakhala pamkhate sapheka," anatero osandiyang'ana. "Ndi bambo ako amenewo. Zisiye, a Kapitawo adziwa chochita."

"A Kapitawo amadziwa kuphonya basi."

"Ndiye ukufuna ukawanenere wekha? Anthu adzati chiyani?"

Sindinkafuna kuwanenera. Ndinkafuna kuti tebulo liwanenere, ine manja anga akhale oyera. Ndikuvomereza kuti anali maganizo a munthu wamantha, koma ndi amene ndinali nawo. Bambo anali atakhala sabata yonse osakhudza tebulolo, mvula ikugwa tsiku ndi tsiku, ndiye m'mutu mwawo linali lolemera monga analisiyira. Nditati ndiwasinthire, ndiye kuti adzakhala ndi mabodza awiri oti achotsere nthawi imodzi, la diso ndi la nsalu. Ndinaganiza kuti ngakhale iwo sangakwanitse.

Lachisanu ndinafika mabasi oyamba akutuluka. Ndinabwereka hita ya ku wekishopu n'kuiika pansi pa tebulo kuti iumitse nsalu. Ndinasesa mpaka fumbi la choko linatha, ndinasita, ndinasitanso, mpaka nsalu yakale ija inagona n'kuyamba kunyezimira. Mipira ndinaitsuka ndi sopo, n'kuipaka polishi amene amapaka mabasi, n'kuipukuta umodzi umodzi mpaka ndinkadziona nkhope. Nditagubuduza woyera ndi dzanja unapita kukagunda khushoni ya kumapeto, mphepete yofewa ya tebulo, n'kubwerera ngati wathamangitsidwa. Hita ndinaibweza anthu asanabwere.

Masana kantini inadzaza mpaka pakhomo. Amakaniko anabwera ndi maovololo awo, alonda anasiya geti, ena anakwera pamabenchi. Bambo analowa atavala yunifolomu ngakhale anali oimitsidwa, nsapato zikuwala, ndodo ili m'thumba lake lachikopa. Anthu anawombera m'manja. Sanayang'ane kumene ndinali.

A Kapitawo anaswa mulu wa mipira poyamba masewera, n'kulowetsa umodzi mwangozi, n'kuphonya wotsatira monga mwa masiku onse. Bambo anazungulira tebulo pang'onopang'ono, anapaka choko, anawerama atapendeketsa mutu. Unali mpira wautali wofuna saidi ya kumanja. Anamenya mofewa, kudikira kuti nsalu igwire woyera n'kuubweza. Sinaugwire. Woyera unatsetsereka n'kudutsa osakhudza ndi mpira umene ankafunawo.

"Aaa!" inatero kantini yonse.

Bambo anadzuka. Anaika chikhatho pansalu n'kuchisiya pamenepo, akumva kufunda. Anatenga mpira umene unali utalowa kale m'bowo, anaupotokola m'zala, n'kuununkhiza. Kenako anatembenuza mutu wonse mpaka anandipeza kuseri kwa kauntala. Anabweza mpirawo, n'kupakanso choko.

Zimene zinatsatira ndinkazidziwa, chifukwa ndi zimene anandiphunzitsa. Anasiya kufuna kulowetsa. Ankangomenya timipira tofewa, tobisa woyera kuseri kwa mipira ina kuti a Kapitawo asowe pogwira, ndipo pa kalikonse ankaika saidi pang'ono n'kuyang'anitsitsa mmene woyera wayendera. Ankalifunsa tebulo. Anthu anayamba kung'ung'udza kuti a Madala akuopa, osadziwa kuti ali m'kalasi. A Kapitawo analowetsa ina ingapo thukuta lili kamukamu, nkhope ngati munthu amene akuba mosafuna.

Kenako bambo anawerama pa mpira wina wautali, n'kuloza kutali ndi mpirawo mwakuti Wailesi anatseka maso. Anamenya. Woyera unathawira kumene ankayembekezera, sunabwerere, unakagunda pamalo pake penipeni, ndipo mpira unalowa osakhudza milomo ya bowo. Kuchokera apo sanadzukenso kuti apatse mpata. Mpira ndi mpira, woyera ukuima pamene aufuna ngati galu womvera. Wakuda unatsala pakhushoni, kumapeto, pamalo oipa. Anauyang'ana nthawi yaitali, anapendeketsa mutu, anachotsera diso, anachotsera nsalu, anachotsera polishi wanga, n'kuugwetsa ndi saidi ya kumanzere. Unali mpira wokongola kuposa yonse imene ndinaonapo, ndipo ndinanyadira.

Kantini inaphulika. Ena ankamenya mabenchi, ena anamunyamula Wailesi poti a Madala sakanalola kunyamulidwa. A Kapitawo anapukuta thukuta akumwetulira ngati apambana ndi iwo, anapisa m'thumba n'kutulutsa makiyi a basi.

"Mwaona nokha," anatero. "Maso ake ndi amenewo. Lolemba, a Madala."

Bambo analandira makiyi. Ine ndinavula epuloni, ndinaipinda, n'kutuluka kuseri kwa kauntala.

"A Kapitawo, masewerawa sanayeze kanthu."

"Mayi, tiyi akupserera uko!" wina anakuwa kumbuyo, anthu n'kuseka.

"Mwaona kuti bambo anga amadziwa kuchotsera. Zimenezo tinkazidziwa kale." Ndinatenga woyera n'kuuika pakadontho ka kumutu kwa tebulo. "Bambo, menyani pakati. Popanda saidi, popanda kuchotsera. Ukagunde khushoni ya uko, ubwerere pansonga ya ndodo yanu."

Phokoso linatha. Aliyense wogwira ndodo amadziwa kuti zimenezi amapatsa munthu tsiku loyamba kuphunzira. Ukamenya pakati penipeni woyera umabwerera pamene wachokera. Ukalakwitsa ngakhale pang'ono, khushoni imaulula, mpira umabwerera chakumbali. Kuuza a Madala kuti achite zimenezo kunali ngati kuuza mphunzitsi wamkulu kuti atchule a, e, i, o, u pamaso pa ana. Mwamuna wanga anali pakhomo, ndinamuona akuweramitsa mutu.

"Iwe," anatero bambo motsitsa mawu, "ukudziwa chimene ukuchita?"

"Ndikudziwa, Bambo."

Akanatha kukana. Makiyi anali kale m'thumba mwawo, ndipo palibe akanawadzudzula. Koma anali asanakanepo mpira pamaso pa anthu, ndipo ine ndinkadziwa zimenezo. Ndi pamene ndinawagwirira.

Anawerama. Ndodo inapita m'mbuyo n'kubwera bwinobwino, dzanja lawo linali lisanakalambe. Woyera unakwera, unagunda khushoni, n'kubwerera ukupatuka. Unadutsa nsonga ya ndodo patali ngati chikhatho n'kukaima pafupi ndi bowo la pakona.

"Khushoni yafa iyi," anatero.

"Eya, yafa, ndakhala ndikunena," anatero a Kapitawo mofulumira. Pofuna kuwathandiza anatenga woyera kuti aonetse anthu kufa kwa khushoniyo, anauika pakadontho n'kumenya mosasamala. Mpira unapita, unabwera, n'kudzagunda nsonga ya ndodo yawo kuti tho. A Kapitawo anauyang'ana ngati wawaluma.

Bambo anatenganso woyera. Ulendo uno anasuntha nsonga pang'ono kuti achotsere, ndipo unabwerera ukupatukira mbali inayo. Anautenganso. Choko chinawapulumuka n'kugubuduzika pansi, palibe anatola. Sindinathenso kupirira. Ndinazungulira tebulo kuti ndikawagwire mkono, ndiwauze kuti basi zakwana, tiyeni kunyumba. Ndinaima kumanzere kwawo, pafupi moti ndinkamva fungo la sopo wa yunifolomu yawo, dzanja langa lili m'mwamba pafupi ndi phewa lawo.

Woyera unaphonyanso. Anadzuka, maso ali ku kauntala kumene ndimaima masiku onse.

"Ali kuti?" anakuwa. "Wandivula pagulu, kenako wathawira kukhitchini? Muitaneni! Abwere adzaime pano aone zimene wachita!"

Anthu onse aja ankayang'ana ine, kenako iwo, kenako pansi. Wailesi anagwira pakamwa.

"Ndili pano, Bambo."

Anadzidzimuka thupi lonse. Anatembenuka pang'onopang'ono mpaka diso lamanja linandipeza, ndipo anaona pamene ndinaima, ndi dzanja langa lili m'mwamba. Ndinaona nkhope yawo ikumvetsa. Sanakwiye ayi, ndikanakonda akanakwiya. Anangokalamba pomwepo ine ndikuona.

Anapisa m'thumba, anatulutsa makiyi n'kuwaika pansalu, iwo amene sankalola ngakhale kapu kapena chipewa kukhudza tebulo. Anamasula ndodo yawo, anailowetsa m'thumba lake, n'kuyamba kutuluka. Anthu anapatuka. Pakhomo phewa lawo lamanzere linagunda felemu, ndipo nditathamanga kuti ndiwagwire anachotsa mkono wawo m'manja mwanga mwaulemu, ngati mmene umachitira ndi mlendo amene wakugwira molakwitsa.

Amene anawaperekeza kuchipatala ndi mwamuna wanga. Adokotala anati diso lamanzere linafa kalekale, lamanja nalo layamba, ndipo mankhwala odontheza angochedwetsa koma sabweza. Kampani inawapumitsa. A Kapitawo anachititsa kaphwando kotsanzikana mu kantini momwemo, koma mwini wake sanabwere, ndipo makeke ndinagawira alonda.

Madalaivala anandinyanyala kwa kanthawi. Ankagula tiyi kwa mayi wa kunja kwa geti, wozizira, n'kumadzamwera pamabenchi anga. Ndinkamva zonena zawo: mwana wanji wovula bambo ake, akanadikira apume okha, akanakanena mu ofesi mwakachetechete. Mu ofesi mwa ndani? Mwa munthu amene anayeza maso ndi mpira wakuda? Amuna onsewo ankadziwa, aliyense ndi kachidutswa kake, wina galasi, wina bodi, wina geti, ndipo onse anasankha kuwomba m'manja. Sindinapepese kwa aliyense wa iwo, ndipo lero atandibwezera Lachisanu lija ndikhoza kuvulanso epuloni. Palibe mwana amene anafera pa tayala la bambo anga. Koma zimenezi sizitonthoza monga anthu amaganizira, chifukwa mwana amene sanafe sumudziwa nkhope, pamene bambo ako umawaona tsiku lililonse.

Diso lamanja litayamba kuchita chifunga tinawatenga kuti azikhala kwathu. Sanakane, analibe kwina. Tinawapatsa chipinda cha kutsogolo, chowala bwino, ndipo makina a amayi tinawaika pakona monga analili. Amadya chimene ndaphika, amavala chimene ndachapa, amakweza nkhope kuti ndiwadonthezere mankhwala m'mawa ndi madzulo. Ndi ana anga amaseka. Ndi mwamuna wanga amakamba za mainjini mpaka chakudya kuzizira. Ine akafuna kanthu amauza iyeyo.

"Apongozi, muwauze akazi anu kuti mchere wachepa."

Ine ndili pomwepo, mbale ili m'manja.

Mwezi uliwonse ndimawaperekeza kukapimitsa, poti mwamuna wanga amakhala kuntchito. Pamsewu amagwira chigongono changa, chifukwa sangachitire mwina, ndipo ndimawauza kuti apa pali ngalande, apa tikwera, apa tiime basi idutse. Amamvera zonse. Ikamadutsa ya kampani yathu amaitchula nambala pongomva kulira kwa injini, koma amatchulira mphepo.

Ulendo wathawu tinakhala pabenchi ya chipatala m'mawa, mzere uli wautali. Pambali pathu panali mayi wina wachikulire, diso lake lina litamatidwa thonje. Anandiona ndikuwakonza kolala, ndikuwapatsa madzi, ndikuwapukuta misozi ya mankhwala imene imatsika yokha.

"Muli ndi mwayi, bambo," anatero. "Anga sabwera n'komwe. Ameneyu ndi mwana wanu?"

Dzanja langa linaima pa kolala. Bambo anatembenuzira mutu kumene kunkachokera mawuwo, ndipo anayankha mofatsa, mwaulemu wonse.

"Ayi, mayi. Awa ndi osamala tebulo kuntchito kwathu."

Mayi uja anati ndiye ndi munthu wabwino kwambiri, Mulungu amudalitse. Namwino anaitana dzina lawo, ndipo anatambasula dzanja kufuna chigongono changa. Ndinawapatsa, n'kuwauza kuti kutsogoloku kuli sitepe.